Uvuni Umene Agogo Anasamutsa

Ndikakumbukira agogo a Likhutcha, ndimamva fungo la dothi lopsa ndi utsi wa zikuni za mango, fungo limene linalowerera m'jekete lawo lakale mpaka sopo anagonja, moti akakhala pakhonde madzulo akusenda nzimbe unkadziwa kuti alipo usanawaone. Ntchito yawo inali yowotcha njerwa. Bambo awo anachokera ku Mozambiki wapansi, iwo n'kubadwira muno m'chigwa cha Domasi, ndipo nyumba zambiri zakale kuyambira ku Naisi mpaka ku Songani zaima pa njerwa zawo. Sankalankhula kwambiri. Ine ndinatengera iwo.

Ndili mwana ndinkadwala mphumu. Nyengo yozizira ikafika, chifuwa changa chinkaimba likhweru. Chaka china amayi anathamangira nane kuchipatala milomo itada, ndipo namwino anawauza mosabisa kuti, "Mwanayu atalikirane ndi utsi. Akadzabanikanso chonchi, mwina sadzafika kuno ali moyo."

Chaka chomwecho a Dinesi, amene anakwatira amayi anga aang'ono, anaumba njerwa za nyumba yawo. Anali mkamwini watsopano, mkazi ali ndi pakati, ndipo ankafuna mudzi uone kuti wabwera mwamuna. Agogo anali ku Liwonde kukawotchera anthu njerwa. Pobwera anapeza uvuni utasanjidwa kale, utamatidwa bwino, chakumtunda kwa nyumba yathu, m'mbali mwa kakhwawa kotsika kuchokera ku phiri la Malosa.

Anauzungulira manja ali kumbuyo.

"Akamwini, ntchito ndi yabwino. Malo ndi oipa."

"Aipa bwanji, bambo? Nyumba ili patali."

"Utsi uzikagona pa mwanayu."

A Dinesi anaseka pang'ono, mwaulemu. "Utsi umapita kumwamba, bambo. Taonani uwo." Analoza utsi wa kukhitchini umene unkakwera chilili, dzuwa lili paliwombo.

"Ano ndi masana," anatero agogo, n'kuchokapo.

Anapita kwa mnzawo Che Saidi, telala wachisilamu amene ankakhala kumtunda kupitirira uvuniwo, n'kukapempha zotsala za nsalu yoyera yosokera mikanjo. Anadula zigamba zitatu, kuzipaka mafuta a nsatsi, n'kuzikhoma pa nsungwi. Chimodzi anazika pawindo la chipinda chimene ndinkagona, china pabwalo la Che Saidi, china kumunsi kudambo. Pambali pa uvuni anaunjika mankhusu a mpunga ochokera kuchigayo n'kuyatsa. Mankhusu sayaka lawi, amangofuka masiku angapo. Ine ananditumiza kuti ndizikagona kwa Che Saidi mpaka moto utatha.

"Achimwene, mwayambitsa chipani?" anafunsa Che Saidi, phazi lili pa makina. "Mbendera zake n'zimenezi?"

"Ndatchera msampha."

"Wa mbewa zanu zija?"

"Wa utsi."

"Alomwe inu! Mbewa zatha m'minda, mwayamba kudya utsi?"

Amayi ena popita kumjigo ankalambalala nsungwizo, ati a Likhutcha atsirika mudzi. 

M'mawa wina Che Saidi atamaliza swala anandidzutsa, n'kundikulunga bulangete. "Bwera udzaone nyama ya agogo ako." Kunja kunali kuzizira kolasa m'mafupa, atambala akuyankhana tsidya la mtsinje, mabelu a njinga za ogulitsa tomato akumveka patali pamsewu, ndipo utsi wa mankhusu uja sunkakwera ayi. Unkakwawa pansi ngati madzi, kutsata khwawa, kudutsa m'nthochi, n'kukaunjikana padenga lathu mpaka nyumba yonse inangotsala mutu. Unakhala pomwepo, osasuntha, kufikira dzuwa litayamba kutentha.

Moto utatha, agogo anazula nsungwi zija n'kuyala zigamba pamphasa. Cha kwa Che Saidi chinali choyera, kupatula kafumbi kofiira. Cha kudambo chinali chotuwa pang'ono. Cha pawindo langa chinali ngati achipukutira mphika.

Agogo anachipereka kwa a Dinesi. "Iyi ndi nsalu, ikhoza kuchapidwa. Chifuwa cha mwana muchapa ndi chiyani? Ndipotu awa ndi mankhusu chabe. Uvuni ufuka kuposa apa."

A Dinesi anachiyang'ana nthawi yaitali. "Ndamva, bambo. Koma njerwa zosapsa zikasunthidwa zimasweka. Mwana wanga abadwira kuti? Mwina mnyamatayu angokhala kwa Che Saidi mpaka titamaliza."

"Chaka chamawa wina adzasanjanso pomwepa, poti panasanjapo inu. Mwana wanunso adzagona m'mudzi muno."

A Dinesi anabweza chigambacho pamphasa. Agogo akanatha kulamula, pakuti mkamwini satsutsana ndi eni mudzi. Sanatero. Anavula jekete lija, kulipachika pa mtengo wa mango, kukwera pa uvuni, n'kuyamba kugamula dothi lomatira. Anasenza njerwa zoyamba pamutu, munthu wa imvi, miyendo yopyapyala ngati bango, n'kutsika nazo kudambo kumene mphepo ya m'mawa inkapita kumabango ndi kuminda yokhayokha, kopanda khomo la munthu. Anabwerera. Anasenzanso.

Amayi anga anatenga nkhata. Amayi aang'ono, ndi pakati pawo pomwe, anatenga njerwa imodzi m'manja, agogo n'kuwalanda. Che Saidi anatseka makina, kukwinya mkanjo m'chiuno, akudandaula kuti telala sanabadwire ntchito ya abulu. Inenso ndinanyamula zanga, imodziimodzi. A Dinesi anaima pambali mpaka anaona agogo akupunthwa pa muzu. Pamenepo anathamanga.

"Tulani, bambo. Mundichititsa manyazi."

"Senzani zanu, akamwini. Izi ndi zanga."

Njerwa zambiri zinasweka ndithu. Agogo anatenga chikombole chawo n'kuumba zina. Nyumba ya a Dinesi inachedwa, ndipo mwana wawo anabadwira m'nyumba mwathu. Koma uvuni utayaka kudambo, ine ndinaima pakhonde pathu m'mawa, ndikuona utsi wakuda ukutsetsereka kulowera ku Chilwa, n'kukoka mpweya mpaka pansi pa mimba. Chifuwa sichinalire. Kuchokera chaka chimenecho palibe anasanjanso uvuni kumtunda kwa mudzi wathu.

Ine sukulu ndinalekera ku pulayimale. Ndine mmisiri womanga nyumba. Koma mwana wanga Tadala anafika ku yunivesite, ndipo ntchito yake ndi yoyeza zimene zili mumpweya. Amakhoma timabokosi pa mapolo, timene timawerenga tizidutswa ta utsi ndi fumbi. Iye ndi amene anandifotokozera zimene ndinaona m'mawa uja: mpweya wozizira ndi wolemera, umatsika phiri n'kukhazikika m'chigwa, wofunda n'kukhala pamwamba ngati chivundikiro, utsi n'kusowa potulukira. Akuti toopsa kwambiri ndi tizidutswa tosaoneka ndi maso, timene timalowa mpaka mkati mwa mapapo, makamaka ta mapulasitiki ndi matayala amene anthu akuwotcha masiku ano.

"Nsalu ya agogo inkaonetsa mwaye wokha, bambo," anatero.

"Iwe gwira zotsalazo," ndinamuyankha.

Atabwera ndi kabokosi kake kumudzi, anandifunsa poti akakhome. Nyumba yakale ija inagwa, koma malo ndikuwadziwa. Ndinamutengera pamene panali windo langa, n'kuzika ndekha polo m'dothi.

"Khoma apa. Agogo anayamba kale kuyeza pano."

Tsitsi langa layera ngati lawo. Ndikupumabe.