Mfuti Yachiwiri ya a Clifton

Mutawaona Mai Kettie Gwanda akudikira basi ku Gorbals, simungaganize kuti ndi munthu amene anaitanirapo apolisi m'nyumba ya eni. Ndi aafupi, amayenda mokoka mwendo wakumanzere chifukwa bondo linatha ndi masitepe a nyumba zosanja za mu Glasgow, ndipo polankhula amatsitsa mawu ngati ali pafupi ndi wodwala amene wangogona kumene. Anabwera kuno mu 2009 kuchokera ku Lizulu, komwe ankaphunzitsa sitandade folo. Choko anachisiya komweko. Kuno anayamba ntchito yosamalira nkhalamba m'makomo mwawo: kuzisambitsa, kuziveka, kuzimwetsa mapilitsi, ndi kumvetsera nkhani imodzimodzi kasanu pa tsiku osaonetsa kutopa.

Mwa nkhalamba zonse zimene kampani yawo inawapatsa, imene anaizolowera kwambiri inali a Clifton a ku Dennistoun. Bambowa anali ndi zaka makumi asanu ndi atatu ndi mphambu zinayi. Moyo wawo wonse anagwira ntchito yolondera nyama ndi mbalame m'nkhalango ya bwana wina kumapiri a kumpoto. Akazi awo atamwalira, mwana wawo Bruce anawasamutsira mtauni kuti azikhala pafupi. Anabwera ndi mpando wawo wachikopa, madiresi onse a malemuwo, ndi kabati yachitsulo yaitali imene anaikhomera kukhoma la pakhonde la m'kati. Mai Gwanda ankaipukuta fumbi kabatiyo sabata iliyonse, akuyesa kuti mumakhala mapepala a nyumba. Palibe anawauza kuti muli chiyani, ndipo pa fomu ya kampani panalibe funso lotere.

Mutu wa a Clifton unali utayamba kubalalika. Tsiku lina ankawadziwa Mai Gwanda bwinobwino n'kumawaseka katchulidwe kawo ka Chingerezi, tsiku lina ankawaitana dzina la akazi awo.

Lachiwiri lina m'mawa, mwezi wa Novembala, kunja kukugwa kamvula kamawawa, Mai Gwanda anakwera masitepe, natsegula chitseko ndi kiyi wawo monga mwa masiku onse. Anapeza mpando wachikopa uja utakokeredwa pakhonde, moyang'ana chitseko. A Clifton anali atakhalapo, atavala chovala chogonera ndi nsapato za m'thengo, mfuti ya mipope iwiri itagona pamiyendo pawo. Kabati ija inali yasa.

"Imani pomwepo," anatero mkuluyo, akudzutsa mfuti. "Ndinu amene mukutsegulira nkhandwe kuti zizidya mbalame zanga."

Mai Gwanda amanena kuti sanaganize za Mulungu, sanaganizenso za ana awo. Anangoona timaenje tiwiri takuda titaloza pachifuwa pawo, ndi chala cha mkuluyo chikunjenjemera ngati mmene chimachitira akagwira supuni.

"Mwadzuka bwanji, a Clifton? Ndine Kettie. Nkhandwe ndazithamangitsa kale, zathawira kumsewu. Kunja kukuzizira, ndikuphikireni tiyi?"

Mkuluyo anawayang'ana nthawi yaitali. Kenaka nkhope inafewa.

"Shuga awiri," anatero, natsamiritsa mfuti kukhoma ngati ambulera.

Mai Gwanda anawagwira mkono, kuwalowetsa kukhitchini, kutseka chitseko, n'kuimba foni ku ofesi. Amene anayankha anali Carol, woyang'anira mashifiti. Carol anati asachite phuma, ayambe adziwitsa abanja, chifukwa kampani imalemekeza zinsinsi za makasitomala.

Bruce anafika patadutsa ola. Ndi bambo wamkulu kale, wa imvi m'ndevu, wokonza mapaipi a madzi. Sanafunse ngati mayiwo ali bwino. Anatenga mfuti, kuitsegula pakati, kuchotsa zipolopolo ziwiri, kuitsekera m'kabati, kiyi n'kuponya m'thumba mwake.

"Basi, yatha," anatero. "Kiyi ndikhala naye ine. Palibe chifukwa cholembera zimenezi paliponse."

"Inali ndi zipolopolo, bambo. Anandiloza nayo."

"Koma sanaombe. Bambo anga agwira mfuti zaka makumi asanu ndi limodzi, sanavulazepo munthu. Mukanena, apolisi abwera kudzawalanda ngati chigawenga. Ndicho chifukwa chake ine ndimadana ndi kaundula wa bomayu wolembamo mfuti za anthu. Boma likufuna chiyani m'kabati mwa munthu? Akuba salembetsa mfuti zawo, amalembetsa ndi anthu abwino okhaokha, ndiye ovutitsidwa amakhala omwewo. Tsiku lina mndandandawo udzagwera m'manja mwa akuba, adzadziwa khomo lililonse lokagogoda. Ine ndinasainira kale chikalata choti authetse. Ndipo pepani, mayi, inu zimenezi simungazimvetse. Kwanu ndi kwina."

Mawu omalizawo ndi amene anawotcha. Kwanu ndi kwina! Mai Gwanda anali ndi mlongo wawo, Fryson, amene ankanyamula kachewere pa lole kuchoka ku Lizulu kupita ku Lilongwe. Mu 1998, dzuwa lili paliwombo, anthu awiri anamuimitsa pamsewu n'kumuombera ndi imodzi mwa mfuti zija zinatsalira nkhondo ya kutsidya kwa malire itatha. Mfutiyo inapezeka patatha sabata m'munda wa kabichi. Mai Gwanda anayenda maulendo anayi kukafunsa kuti ndi ya yani, ndipo yankho linali limodzi: sinalembedwe m'buku lililonse, ilibe mwini. Nkhani inathera pomwepo, mlamu wawo n'kutsala ndi ana atatu. Ndiye lero munthu amene sanaikepo m'bale wake m'manda chifukwa cha chipolopolo aziwauza kuti sangamvetse za mfuti?

Sanamuuze Bruce zonsezi. Anaona kuti sakuyenera kumva dzina la Fryson. Anangovala jekete, kutsika masitepe, kuima pakhomo la nyumba yosanjayo mvula ikuwawaza, n'kuimbira apolisi.

Kunabwera awiri, mayi ndi bambo, aulemu ndithu. Wamkaziyo anakhala pansi ndi a Clifton, kuwafunsa za agalu awo akale, mpaka mkuluyo anayamba kuseka. Laisensi yawo ya mfuti inali isanathe, chifukwa matenda oiwalawa anawagwira atailembetsa kale, ndipo Bruce sanauze aliyense. Atatsegula kabati, wapolisiyo anayang'ana mfuti, kuyang'ana pa kachipangizo kake ka m'manja, kuyang'ananso m'kabati.

"M'kaundula mwalembedwa mfuti ziwiri. Inayo ili kuti?"

Bruce anati mwina bambo ake anaigulitsa kalekale, iye amadziwa imodzi yokha. A Clifton atafunsidwa anangoti, "Ili pamalo pake."

Anafunafuna pansi pa bedi, kuseri kwa makatani, pamwamba pa mashelefu. Anakaipeza m'kabati ya zovala, itaimikidwa pakona, yokutidwa ndi diresi lobiriwira la malemu aja. Inali ndi zipolopolo zonse ziwiri, yongoyembekeza chala. Mai Gwanda ankatsegula kabati imeneyo m'mawa uliwonse kutenga malaya a mkuluyo. Ankakankha madiresiwo ndi dzanja lawo. Mdzukulu wa a Clifton ankabisala momwemo akabwera Loweruka.

Mai Gwanda anakhala pabedi. Pamene mfuti yoyamba inawaloza sanalire, koma apa misozi inangotsika yokha. Mwana weniweni wa a Clifton sankadziwa kuti mfuti yachiwiriyo ilipo. Mwini wake anali ataiwala. M'dziko lonse la Scotland, chimene chinkakumbukira mfuti imeneyo chinali kaundula yemwe uja Bruce amafuna awotchedwe.

Munthu angayembekeze kuti mawa lake kunabwera mawu othokoza. Ayi ndithu. Kunabwera kalata yowaitanira ku ofesi. Bruce anali atadandaula kuti wantchito anaulula za m'banja popanda chilolezo, anachititsa manyazi bambo ake pamaso pa anthu oyandikana nawo, ndipo anasiya wodwala n'kutuluka panja nthawi ya ntchito. Carol anawalandira ndi kumwetulira kwa mano okha, nawakankhira pepala patebulo.

"Palibe akukuimbani mlandu, Kettie. Tikungofuna musaine kuti munalumpha ndondomeko, ndipo mwaphunzirapo kanthu. Banjali ndi makasitomala athu akale."

"Ndondomeko yake iti? Ndinakuimbirani inu poyamba. Munati ndidikire mwana wawo. Mwana wawo anati ndikhale chete. Ndikanakhala chete, Lachitatu mukanatumako ndani? Ine ndemwe. Ndikanapuma, mukanatuma mtsikana wina wongoyamba kumene, amene akanakuwa n'kuthawa, mkuluyo n'kudzidzimuka. Munanditumiza m'nyumba muli mfuti ziwiri zaka zitatu, osandiuza. Fomu yanu imafunsa ngati pakhomo pali galu woluma, imafunsa ngati kapeti ndi yoterera. Za mfuti ayi. Ndiye wolakwa ndine?"

"Mukukweza mawu, Kettie."

"Eya, ndikukweza. Zaka khumi ndi zinayi ndakhala ndikunong'ona muno."

Pepalalo sanasaine. Anatenga cholembera cha Carol chomwecho, kutembenuza pepala, n'kulemba kuseri kwake zonse zimene zinachitika, nthawi yake ndi mawu a aliyense, ndi zilembo zoongoka za mphunzitsi wa sitandade folo. Anajambula ndi foni, n'kutumiza kwa mkulu wa kampani ndi ku bungwe la antchito.

Sanawachotse ntchito, chifukwa sakanatha. Koma kwa a Clifton anawaletsa kupondako, osawalola ngakhale kukatsanzika, ndipo anawasamutsira ku Partick, ulendo wa basi ndi sitima yapansi, masitepe ochuluka kuposa kale. A Clifton anakhala m'nyumba muja miyezi inayi yokha, kenaka anawatengera kunyumba yosungirako okalamba. Chaka chisanathe, pa fomu ya kampani panaoneka funso latsopano lofunsa ngati m'nyumba muli mfuti, ndipo kalata ya kwa antchito onse inayamikira Carol chifukwa cha maganizo ake anzeru. Mai Gwanda anaiwerenga ali m'sitima, naseka mokweza mpaka anthu anatembenuka.

Chimene chinawapweteka koposa chinachitikira kutchalitchi. Mapemphero atatha, anthu akumwa tiyi m'holo, mkulu wa mpingo wina, a Penjani Msiska, anawakokera pambali. Nkhani inali itamveka kale pakati pa Amalawi.

"Mai Gwanda, ife tinamva, ndipo tikuthokoza Mulungu kuti muli moyo. Komatu kuno ndife alendo. Za mfuti zawo, za malamulo awo, tiziwasiyira eni ake. Mukadzatha ntchito adzakuthandizani ndani? Paja mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka."

Mai Gwanda anaika kapu pansi bwinobwino kuti isasweke.

"Abambo, ndimakulemekezani. Koma mame sanyamula nkhalamba kupita nayo kubafa. Mame salozedwa mfuti. Amene timalowa m'nyumba zimenezi tokhatokha, kiyi m'manja, ndife, ine ndi akazi anu omwe. Amene akufuna kaundula athe salowamo. Mawa akazi anu ali pa shifiti ya m'mawa ku Dennistoun. Mukudziwa chimene chili m'kabati ya nyumba imene akupitayo?"

 Akazi awo a Msiska, amene anali kumbuyo akutsuka makapu, anazimitsa mpopi.

"Ayankheni, bambo," anatero. "Inenso ndikufuna ndimve."