Tsiku Limene Drahuše Anakhala Pansi

Drahuše Kudrnová ndi mnansi wanga chikwatiwire ine m'tauni muno. Ankaphika kusukulu ya pulayimale mpaka anapuma, miyendo itatupa ndi kuimirira pamapoto. Njinga zamoto sanazikondepo. Koma anakwatiwa ndi a Vlastimil, osema miyala, amene chaka chawo chonse chimatsamira pa mpikisano wa njinga zamoto wa mu Meyi, pamene misewu yathu imatsekedwa, mabelo a udzu n'kumangiriridwa pamitengo ndi m'makona a nyumba.

A Vlastimil si oledzera, si a akazi. Matenda awo ndi malo oonerera. Nyumba yawo ili m'mphepete mwa msewu wa mpikisano weniweniwo, moti alendo amachita kupempha kuti aime pageti. Koma eni ake ankati, "Pano m'powongoka. Powongoka uonapo chiyani? Vuu, wapita. Munthu amaoneka pakona."

Choncho chaka ndi chaka ankanyamuka m'mawa msewu usanatsekedwe. Bambowo patsogolo, kawailesi m'thumba, magalasi oonera patali ali lendelende m'khosi. Drahuše pambuyo ndi mipando iwiri yopinda, bulangete, ndi dengu la buledi, nyama yokazinga, minkhaka yowawasa ndi mabotolo a mowa. Akafika pakona ya kuchigayo chakale, a Vlastimil ankatsinzina diso limodzi n'kunena kuti masana dzuwa liziwathobwa m'maso. Kumunda wa maapozi, ati pachuluka anthu a malipenga. Akapeza pokhala, njinga zoyamba n'kudutsa, bola asamve anthu akukuwa kukona ina. Akangomva, nkhope inkagwa. "Wamva? Zachitika uko. Talakwitsa." Nthawi yopumira ikakwana, mipando ija pindeni.

"Ine mpikisanowu ndimauonera pamsana pa mwamuna wanga," Drahuše anandiuza tsiku lina tikuyanika zovala. "Wopambana sindimudziwa. Koma malaya amene anavala chaka chimene kunagwa matalala chija, ndingakuuze."

Mwana wawo mmodzi yekhayo, Radka, anakulira m'maulendo amenewa atagwira ngodya ya bulangete. Pano amakhala kumzinda, ndipo sabata ya mpikisano sabwera kwawo.

Chaka chatha a Vlastimil anali atayamba kuyendera ndodo, chiuno atachitidwa opaleshoni. Drahuše anandipempha kuti ndimuthandize kunyamula, ndiye zimene zinachitikazo ndinaziona ndi maso anga. Bambowo anafuna kona ya pamwamba pa chitunda, m'mitengo ya paini, pamene ankaima ali mnyamata. Tinakwera pang'onopang'ono, kupuma apa, kupuma apo. Titafika tinapeza atazunguliza chingwe chofiira, Luboš, wogulitsa nyama m'tauni muno, ataima pomwepo ndi mbendera, atavala chijekete cha oyang'anira msewu.

"Madala, pano ayi," anatero Luboš. "Analetsa. Njinga ikaphonya kona imathera m'mitengo momwemu."

"Ine ndinayamba kuima pano iwe usanamere mano."

"N'chifukwa chake tikufuna tidzakuoneninso chaka chamawa. Tsikani, madala, nthawi yatha."

Tinatsika. Kutsika kunapweteka kuposa kukwera. Titafika pa mpanda wa manda, Drahuše anatula dengu, anatambasula mpando umodzi, n'kukhala. Pamalopo panalibe munthu, ndipo chifukwa chake chinali choonekeratu: mabelo a udzu anali atasanjikizidwa mpaka pachifuwa.

"Mayi a Radka, apa?" anafunsa a Vlastimil. "Apa ngakhale akufa ali kuseri kwa mpandawa sangavomere. Uona zisoti zokhazokha."

"Zisotizo zindikwana."

"Tingowoloka msewu basi. Taona kachulu ako, pamenepo kona yonse ili m'manja."

"Wolokani, bambo. Ine miyendo yafika."

Drahuše sanakweze mawu, sanakwinye nkhope. Anangovula nsapato n'kuziika pansi pa mpando. A Vlastimil anamuyang'ana, anandiyang'ana ine, kenako anawoloka, ndodo gogodo gogodo pa tala. Sanacheuke. Ankadziwa kuti akafika tsidya apeza mkazi wawo ali pambuyo monga mwa masiku onse. Atafika pakachulu n'kutembenuka, galimoto ya oyendera msewu inali ikudutsa, wezulo kulira, msewu watsekedwa.

Tsikulo nthawi yopumira inachedwa kwambiri, chifukwa njinga ina inataya oyilo kumtunda ndipo anayamba akolopa kaye asanapitirize. Msewu sanautsegule. Ife tinkawaona bambowo tsidya: alibe mpando, alibe chakudya, ayedzamira ndodo. Anasintha mwendo, anasinthanso. Kenako anadzitsitsa pa udzu movutikira, ngati munthu wotula katundu wosweka. Ndinamva chisoni.

"Anzanga, tiwakodole kapena?" ndinafunsa.

"Tikawakodola awuluka?" anatero Drahuše, akutsegula botolo la minkhaka.

Anadya osathamanga, anamwa theka la mowa, n'kufunda bulangete m'miyendo. Njinga zinayambanso, phokoso lake lomveka mpaka m'mano, fungo la mafuta opserera lili tolo. Pamwamba pa mabelo pankadutsa zisoti, chofiira, choyera, chachikasu. Nditatembenuka kuti ndimuuze kanthu, ndinapeza mnzanga ali m'tulo, kukamwa kuli yasa, manja ali pamimba. Sindinamuonepo munthu akugona tulo totere masana. Sindinamudzutse.

Msewu utatsegulidwa, amuna awiri achilendo ndi amene anawadzutsa a Vlastimil pa udzu paja n'kuwawolotsa. Ndinkayembekezera mkangano. Koma anangodzigwetsa pa mpando wachiwiri, milomo itauma. Drahuše anali atadzuka. Anawapatsa buledi ndi nyama, iwo n'kuyamba kudya.

"Pakachulu panu paja paoneka bwanji?" anafunsa.

Anatafuna nthawi yaitali. "Pali chikwangwani cha malonda pakati penipeni," anayankha. "Kona sioneka."

Palibe anaseka. Mipikisano yotsalayo tinaionera pomwepo, atatu, tikuyang'ana udzu. Titabwerera kunyumba, pokwera masitepe a pakhomo Drahuše anawagwira m'khwapa, ndipo iwo sanakane.

Chaka chino a dokotala amuuza Drahuše kuti diso lake lamanja lili ndi ng'ala, liyenera kupalidwa. Anamufunsa nthawi imene angakonde, iye n'kusankha yekha sabata ya mpikisano. Akatuluka m'chipatala akakhala kwa Radka.

"Ati ndisanyamule cholemera, ndisayandikire fumbi," anandiuza pa mpanda, akumwetulira pang'ono, nkhope yotopa. "Si ine ndanena, ndi a dokotala."

Dzulo a Vlastimil anafika pageti panga, chipewa chili m'manja. Anayamba ndi za nyengo, za mbatata zanga, kenako anati amva kuti kuseri kwa bwalo la mpira adulako mitengo, mwina tsopano kukuoneka bwino. Anafunsa ngati Loweruka la mpikisano ndili ndi zochita. Ndinawauza kuti phewa langa silili bwino masiku ano. Anagwedeza mutu, kenako anapitirira kukagogoda kwa a Šimková, amasiye a nyumba yotsatira.