Nkhondo ya pa Chitseko cha Amalume

Ndinakwatira ku Malengachanzi nkhondo yachiwiri ya Azungu itangotha kumene, ndipo monga mwa mwambo ndinakakhala kwao kwa mkazi. Kwathu ndi ku Ngala, kwa asodzi. Ndinakulira m'bwato, koma kuchikamwini anandipatsa khasu ndi munda wa mpunga, matope mpaka m'mawondo. Zimenezo sindinadandaule nazo. Chimene chinanditopetsa, moti ndikachikumbuka msana umayambanso kuwawa, ndi chitseko cha amalume ake a mkazi wanga.

Amalumewo ndiwo anali mwini mbumba, wopanda iwo palibe chimene chikanachitika pa banja lathu. Anali atabwera kuchokera ku usilikali ku Bama, khutu limodzi litagontha. Kumeneko akuti ankaona akuluakulu a nkhondo atazungulira tebulo, akusuntha timitengo pa mapu, mawa lake anthu enieni n'kukafera pomwe panaikidwa kamtengopo. Atafika kumudzi anazula chitseko cha nyumba yakugwa, n'kuchilemba mizere ndi msomali wamoto kuti pakhale timabwalo. Theka analipaka buluu wochapira zovala, imeneyo inali nyanja, kotsalako mtunda. Zigoba za nkhono zinali sitima. Asilikali awo anali nthangala za bwemba, anga chimanga. Kumapeto kwa chitseko, uku ndi uku, kunali kabokosi ka machesi kotchedwa boma, ndipo wolanda boma la mnzake ndiye wapambana.

Msilikali ankayenda kabwalo kamodzi, sitima titatu. Chigoba chilichonse chinkanyamula asilikali atatu, ndipo chikapanidwa ndi sitima ziwiri za mdani chinkamira ndi anthu ake omwe. Tisanayambe ankaponya m'mwamba batani la yunifolomu yawo. Likagwa chafufumimba ndiye kuti kunja kuli mwera, likagwa chagada kuli mpoto. Sitima yolimbana ndi mphepo inkangoyenda kabwalo kamodzi basi.

Amuna onse a m'mudzimo anali atathawa kale masewerawa. Ankati bola bawo, amatha munthu usanachite dzanzi. Koma mkamwini athawira kuti? Ndikangoweruka kumunda, matope asanaume n'komwe m'miyendo, ndinkamva kuchokera patsinde pa mtengo wa mango, "Akamwini, nkhondo yafika."

Pofika tsiku lachitatu ndinali nditaona kale pofooka pawo. Amalume anali msilikali wa pamtunda, madzi ankawaopa. Sitima zawo zinkangokwawa m'mbali mwa gombe ngati ana ophunzira kusambira, ndipo asilikali onse ankawandandalika kutsogolo, boma n'kulisiya lokha. Ndikanafuna ndikanawagonjetsa fodya wawo asanazime. Koma pondilangiza tsiku la ukwati, ankhoswe anga anali atandiuza mobwerezabwereza kuti mkamwini asamakule mwendo. Ndiye ndinkaluza dala. Ndinkalowetsa sitima yanga pakati pa ziwiri zawo, n'kugwira mutu, "Ha, mwandipha bambo!" Iwo sankaseka. Ankangotola chimanga changa n'kunena kuti, "Konzaninso."

Chaka chachiwiri bambo anga anamwalira. Mayi anatsala okha ku Ngala, chifukwa analibe mwana wamkazi, ndipo mwa ana awo wamoyo ndinali ine ndekha. Maso awo anali atayamba ng'ala. Pa maliropo anandizindikira ndili pafupi, koma wodutsa pamsewu ankachita kufunsa kuti ndani. Ndinaona kuti sindingachitire mwina koma kupempha chitengwa, kuti ndimtenge mkazi wanga tikakhale kwathu.

Ankhoswe anga anabwera ndi nkhuku, nakamba nkhaniyo mwaulemu wonse. Amalume anamvetsera atatchera khutu labwinolo, kenaka anati, "Tamva. Koma ine ndi akamwiniwa tili ndi nkhondo yosatha. Ikatha tidzakambirana." Anthu anaseka poyesa nthabwala. Ine ndinamva ngati akuti ndiwasangalatse kaye, choncho ndinawonjeza kuluza. Ndinaluza pa mwera, ndinaluza pa mpoto, tsiku lina ndinamiza sitima zanga zonse zisanafike n'komwe pakati pa nyanja. Kuluza dala n'kotopetsa kuposa kulima. Umayenera kuganiza kawiri, kuona njira yabwino n'kuisiya, kenaka n'kupeza yoipa yooneka ngati ya munthu wanzeru.

Mvula itayamba mkazi wanga anachira, mwana wamkazi. Uthenga ndinatumiza, ndipo mayi anayankha kuti tibwere naye msanga amuone maso asanatheretu. Koma mwana anali wakhanda, mtsinje wa Bua utadzaza, ndipo ine ndinkafuna tipite ulendo umodzi wosabwerera. Ndinkadziuza kuti sabata yamawa amalume afewa. Tinaokera mpunga, tinapalira, tinaingitsa mbalame, ine ndili pa chitseko masana aliwonse, matako atauma pa muzu wa mango. Ndinayamba kudana ndi fungo la bwemba. Mkazi wanga tsiku lina anandifunsa akuyamwitsa, "Kodi inu mumayesa amalume ndi mwana?" Ndinamukalipira kuti za amuna azisiye, ndipo sanabwerezenso.

Nthawi yomweta mpunga kunadutsa munthu wa kwathu wogulitsa nsomba zouma pa njinga. Anandiuza kuti mayi apsa phazi, anaponda pamoto osauona. Ndinabwerera kukapuntha mpunga mpaka manja anachita matuza. Nditafika pakhomo, mawu aja anali pomwepo, "Akamwini, nkhondo yafika."

Sindinganame kuti ndinalimba mtima. Ndinali nditangotopa, mphamvu zonamizira zitandithera. Batani linagwa chafufumimba, mwera, ndipo boma langa linali kummwera, mphepo ili kumsana kwanga. Msodzi aliyense amadziwa kuti mwera ukakhala kumbuyo sutsata gombe, kumene mafunde amaswekera, umalowa pakati. Ndinadzaza sitima zitatu, n'kuzitulutsa mpaka kumphepete kwenikweni kwa chitseko, kumene zigoba zawo zolimbana ndi mphepo sizikanandipeza. Iwo anapitiriza kuguba pamtunda monga mwa masiku onse. Nditsitse asilikali asanu ndi anayi kuseri kwawo, ndigwire kabokosi kawo, n'kukaika m'manja mwawo. Sindinagwire mutu, sindinaseke. Ndinkangoganiza kuti chitengwa chija ndachimiza ndekha.

Amalume anatembenuza kabokosiko m'manja mwawo.

"Njira imeneyi munaiona liti?" anandifunsa.

"Kalekale, bambo."

"Ndikudziwa. Ndinkaisiya yotsekula dala kuyambira mwezi woyamba." Anaika kabokosiko pansi. "Akamwini, ine ndagontha khutu, osati maso. Kunkhondo ndinayenda ndi anthu otere, ovomera zonse akumwetulira, njira yabwino akuiona koma osanena. Anzathu ambiri anatsala m'mitsinje ya kumeneko chifukwa cha ulemu. Ndiye mwana wa mlongo wanga ndikanampereka bwanji kwa munthu womiza anthu ake kuti mkulu akondwe? Kwanu kukadzabuka nkhani, mudzamuimira, kapena mudzagwira mutu?"

Ndinapsa mtima, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinawayankha. "Nanga osangondiuza bwanji, bambo? Mayi anga akupsa ndi moto uko."

"Ndikanakuuzani mukanapambana pomvera ine. N'chimodzimodzi." Anayamba kutolera nthangala zawo m'chitini. "Itanani ankhoswe anu. Mpunga wanu mutenge wonse."

Mpaka lero sindidziwa ngati ndinawakhululukira. Zimene ananena zinali zoona, koma choonadi chawocho chinatenga nthawi ya munthu wina, amene sankadziwa n'komwe kuti kunja kuno kuli masewera otero. Nanenso sindidzichotsa. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo ine m'mimba ndinkamva, koma ndinakhala pansi chaka chathunthu ndikumwetulira.

Tinanyamuka patatha masabata awiri, mitolo pamutu, mwana kumbuyo kwa amake. Tinagona panjira, n'kufika ku Ngala tsiku lachiwiri dzuwa lili paliwombo. Mayi tinawapeza pakhonde, phazi atalikulunga kansanza. Atamva mawu anga anatembenukira kumbali, kumene kunalibe munthu. Mkazi wanga anagwada, namasula mwana, n'kumuika pamiyendo pa mayi. Iwo anamunyamula n'kumuyandikiza kumaso mpaka mphuno zinagundana, akuphethira, kenaka anamutembenuzira kudzuwa n'kuyesanso. Atalephera anayamba kumupapasa ndi zala, pachipumi, m'makutu, pakamwa. Mwana anawagwira chala n'kuseka.

"Mwanawe," anatero mayi kwa ine, "tandiuza. Wafanana ndi yani?"