Lachisanu limene seva inagwa

Ndikamva munthu akudzitama kuti makina ake ndi olimba, mpaka lero mtima umandiwawa.

Ndinkagwira ntchito pa kabungwe kena pa boma la Mangochi. Tinapanga pulogalamu ya pafoni yochenjeza asodzi za mwera. Foni iliyonse inkalumikizana ndi seva yathu, kakompyuta kokalamba kokhala pansi pa tebulo langa, n'kumadikira uthenga. Asodzi anaikonda, kuyambira ku Malindi mpaka ku Chembe. Achimwene anga, nawonso msodzi, ndinachita kuwaikira ndekha.

Vuto ndinaliona msanga. Kwathu kuno Lachisanu anthu amazimitsa mafoni polowa mumzikiti, ndipo swala ikatha onse amayatsa nthawi imodzi. Seva inkabanika. Ndinapempha abwana athu, ochokera ku Lilongwe, kuti tiwonjezere ina, kapena tikonze zoti mafoni azilowa mosinthana.

"Iwe, ndinawerengera kale ine," anatero. "Ukagawa pa tsiku lonse, olumikiza ndi ochepa."

"Bwana, anthuwa sabwera tsiku lonse. Amabwera mphindi imodzi."

Anaseka, ati ndimakonda kukuza zinthu. Munthu wosadziwa ndi nthawi ya swala yomwe! Ine ndinangoti chabwino bwana. Chabwino ameneyo ndimadana naye kuposa abwanawo.

Lachisanu lina chenjezo la mwera linabwera anthu ali m'mizikiti. Ndinalitumiza. Atatuluka, mafoni onse anakhamukira pa seva ngati nkhuku pa madeya, iyo n'kugwa. Ndikaidzutsa, onse ankabwereranso limodzi, n'kugwanso. Ndinalimbana nayo thukuta lili kamukamu, ndikutukwana. Zoti ndingotenga foni yanga n'kuimbira achimwene sizinandibwerere m'mutu ngakhale pang'ono.

Iwo anayang'ana foni yawo pagombe ku Malindi, anaona kuti palibe uthenga, anaisiyira alamu anga kuti isanyowe, n'kupalasa bwato kukatchera ukonde. Mwera unawapeza pakati pa nyanja. Mtembo tinaupeza Lamlungu.

Lipoti la abwana linati mauthenga onse anafika. Sananame, ndiye chimene chimandipsetsa mtima kwambiri. Anafikadi, cha m'ma folo koloko.

Titaika maliro, alamu anandiitanira kuseri kwa nyumba. Sanalire, sanandikalipire. Anangotulutsa foni ija pa mfundo ya chitenje n'kundionetsa mawu amene ndinalemba ndi manja angawa: "Musalowe m'nyanja lero."

"Alamu," anatero, "uthenga wanu unafika. Ndiwerengere ndani?"