Chizindikiro cha Manda a Kwathu

Tinali awiri pa ntchito yojambula mapulani a mapaipi a madzi mu ofesi yathu ku Ntchisi, ine ndi mtsikana wina wa ku Mponela amene anandipeza ndili kale pantchitopo. Abwana ananena poyera kuti udindo wa wojambula wamkulu upita kwa amene pulani yake ikavomerezedwe ndi komiti ya madzi ya midzi yakufupi ndi Kasakula. Kwathutu kumeneko! Ndinkangoona ngati mpandowo ndaukhala kale.

Pulogalamu ya pakompyuta yomwe tinkajambulira inabwera ndi zizindikiro zake: thanki kabokosi, mpopi kadontho, manda timitanda ting'onoting'ono. Ine ndinkangotola n'kuika, ndipo pulani yanga inatuluka yaukhondo ngati ya m'buku. Koma mnzangayo, kutaya nthawi kwake! Chizindikiro chilichonse ankachitsegula n'kuchijambulanso. Anapanga chigafa cha fodya chofolera udzu, mjigo wokhala ndi chogwirira chake, kenako timitanda ta manda tija anatifufuta n'kuikapo kamsitu kothithikana.

"Achemwali, taonani, kodi chikuoneka bwino?" ankandifunsa.

"Kuno ndi ku ofesi, si kusukulu ya mkaka," ndinkamuyankha. Koma akatuluka ndinkasuzumira pakompyuta yake, mtima n'kumandiwawa. Zinali zokongola, ndisaname.

Tsiku la msonkhano tinapachika mapulani onse awiri pakhoma la tchalitchi. Pa yanga anthu anangoima pang'ono, kukanda m'mutu, n'kudutsa. Pa yake anaunjikana. Kwathu kumapiri mitengo inathera fodya ndi nkhuni, yotsala ndi ya kumanda basi, ndipo munthu akamalondolera mnzake njira amatchula misitu imeneyi. Atangoona timisitu tija, aliyense anapeza mudzi wake, dimba lake, ndi pomwe paipi idzadutse. Mayi wina mpaka anaimba nthungululu. Zimenezi ine ndinkazidziwa chibadwire, koma zoziika pakompyuta sizinandibwerere m'mutu. Nsanje inandigwira moti thobwa lomwe anatipatsa ndinangolisiya osamwa.

Komiti inasankha pulani yake, mpando n'kupita kwa iye.

Anthu akubalalika, amalume anga, amene anali m'komitimo, anandigwira dzanja n'kupita nane pa pulani ya mnzangayo. Analoza kamsitu kena kumunsi kwa phiri.

"Waona apa, iwe? Mayi ako agona apa. Mtsikanayu paipi wailambalalitsa bwinobwino. Nanga pa yako ija ali pati?"

Ndinapita pa yanga. Timitanda tonse tinali tofanana, ndipo chala changa chinayendayenda osadziwa poima, amalume akudikira. Amene anabwera kudzandilozera anali mtsikana wa ku Mponela yemweyo, mwakachetechete, manja awiri, osafuna kundichititsa manyazi. Mpandowo ndinauiwala pang'onopang'ono, koma ulemu wake wa tsiku limenelo umandiwotchabe mpaka lero.