Sitima ya ku Indy ndi pakamwa panga

Lamulungu lapitali, titaweruka kutchalitchi kuno ku South Bend, ku America, Mayi Nambewe anandipeza poimika magalimoto. Ndi mayi wachikulire amene anabwera kuno kudzalera zidzukulu, ndipo sayendetsa galimoto.

"Bambo a Chisomo, ndamva kuti Lachitatu mukupita ku Indianapolis," anatero. "Mng'ono wanga ali m'chipatala kumeneko. Akumuchita opaleshoni ya mtima tsiku lomwelo."

Inu akwathu mukudziwa. Munthu wamkulu sanena kuti "munditengeko". Amangokuuza kumene kuli mtima wake, zotsalazo umalize wekha. Ine ndinamva bwinobwino, ndisakunamizeni. Koma ndinkafuna kuyenda ndekha, nyimbo zanga zikulira, osaimaima panjira. Ndiye ndinatani? Ndinayamba ulaliki wa sitima.

"Mwaonatu amayi, vuto la dziko lino ndi limeneli! Sitima ya ku Chicago ilipo, ya ku Indy kulibe. Akanatiyalira njanji ya sitima yaliwiro ija, yolumikiza mizinda ikuluikulu, bwenzi mukufika tiyi asanazizire!"

Anangoti, "Zoonadi, bambo," n'kukonza mpango wawo, n'kumapita.

Sitimayo ndimaifunadi, musandimve molakwa. Itakhalapo, mayi ngati awa akanapita kwa m'bale wawo osagwadira aliyense. Koma kuyambira liti Mmalawi kudikira njanji kuti anyamule mnzake? Kwathu pikapu yopita kumaliro imadzaza mpaka matayala kuphwa, wina n'kumakuwabe kuti "sunthani, malo alipo!" Kuno tagula zimagalimoto zazikulu, zotentha bwino nyengo yachisanu, koma aliyense ali bize, aliyense ali ndi shifiti. Pa gulu lathu la pafoni timatumiza timanja topemphera, basi tazonda wodwala. Mnzako akapsa ndevu m'zimire, amatero akuluakulu. Ife timamufotokozera za ozimitsa moto a ku Japan.

Lachitatu ndinadiraiva ndekhandekha. Nditamaliza zimene ndinapitira, ndinati ndidutseko kuchipatala, mwina kuti mpingo umve kuti ndinafika. Ndinawapeza Mayi Nambewe m'khonde, chikwama chili pamwendo. Anali atakwera basi, basiyo inachedwa, kenako anasochera m'tauni pofunafuna ina yopita kuchipatalako. Pamene amafika, mng'ono wawo anali atamulowetsa kale. Iwo ankangofuna kumugwira dzanja n'kumupempherera asanamugoneke, ndipo tsopano anali kudikira osadziwa ngati adzalankhulanenso.

Abale, manyazi amene anandigwira! Makiyi a galimoto ndinawabisa m'thumba ngati ndaba. Ndinayembekeza kuti andinena, mwinanso ndikanapepukidwa. Koma iwo anaimirira, n'kundipatsa moni ndi manja awiri.

"Mwachita bwino kubwera, bambo. Khalani pansi, mwatopa ndi kuyendetsa mtunda wonsewu."

Inu mukanakhala?