Guluu wa Chitsulo pa Chitunda

Matipate atangoyamba kumene, aliyense wokhala ndi kagalimoto anasanduka wamatola. Kwathu kumapiri, kumalire a Dowa ndi Ntchisi, inalipo imodzi yokha, pikapu ya mng'ono wanga. Ndi imene tinakwezamo mwana wanga wamkazi tsiku limene mimba yake yoyamba inakanika m'mudzi. Azamba anangoti, "Khanda lagona chopingasa. Kuchipatala, tsopano lino."

Rediyeta ya galimotoyo inali yong'aluka. Dzulo lake mng'ono wangayo anali ataimata ndi guluu wogula ku Mponela, wa m'machubu awiri, amene amati muli chitsulo chopera. Utauma anaugogoda ndi sipanala ine ndikuona. Unalira ngwe. "Achimwene, ichi n'chitsulo chenicheni," anatero. Ine wa Sitandade 4 ndikanatsutsa chiyani? Tinauyesa uli wozizira, monga muja muonera mkamwini pa chinkhoswe, atasamba.

Pa chitunda choyamba kunamveka fungo la pulasitiki wopserera. Tinaima n'kutsegula boneti. Chigamba chija chinali chitatupa, chikudontha. Nditachibaya ndi kamtengo, kanalowa ngati m'phula.

Kumbuyo kwa pikapu azimayi anali atatchinga ndi zitenje. Mwamuna sayandikira kumeneko, ngakhale wodwalayo ali mwana wake. Ndinkangomva kubuula.

"Bambo ake, mwaimiranji?" anafunsa mkazi wanga.

"Tikumwetsa galimoto."

"Imwe msanga."

Tinathira madzi a mukhwawa. Chigamba chinaumanso gwa, koma pouma chinatayana ndi rediyeta m'mphepete, mpata wolowa chikhadabo. Tikayenda chimafewa, tikachiziziritsa chimang'aluka. Chitunda chilichonse mpata unkakula.

Pakati pa chitunda chomaliza mng'ono wanga anazimitsa injini. "Ndikaikakamiza ipsa, tigona pompano." Kumbuyo kubuula kuja kunali kutaleka.

Galimoto imakankhidwa kumbuyo, komwe kunali zitenje. Amuna ena anali atabwera kuchokera m'munda wa fodya, koma tonse tinangounjikana kuboneti, tikuyang'anana. Mkazi wanga anasuzumira, n'kuyang'ana ine, mkulu wa mpingo.

"Akulu a mpingo, ulemu wanuwo ubereketsa mwanayu? Tsinzinani, mukankhe."

Tinakankha titatsinzina, mitu pansi, mng'ono wanga ali pachiwongolero. Miyala inkaterereka kuphazi. Wina anagwa, n'kudzuka osatsegula maso. Pamwamba galimoto inapepuka m'manja mwathu, niyamba kutsetsereka yokha kulowera ku boma, injini ili zii. Mng'ono wanga sakanaimanso chifukwa cha ine. Pamene ndinkatsegula maso n'kuti likuoneka fumbi lokha.

Ndinatsika wapansi. Aliyense wochokera kumunsi ndinkamuyang'ana kumaso, osamufunsa kanthu.

Dzuwa litapendeka ndinapeza mkazi wanga pakhonde la chipatala, akutafuna nzimbe. Ndinaima chapatali, chipewa kumanja.

"Wachira," anatero. "Achita kumung'amba, koma onse awiri akupuma. Nanga inu mumayenda ngati mwanyamula chiyani?"